Pepala Limene Ndinamata pa Malata

Mwana wanga wotsiriza anapita ku Joni ali mnyamata. Sindinamuletse. Inenso ndinapitako pa nthawi yanga. Ndinagwira mumgodi, ndinabwerako ndi njinga, mabulangete ndi malata amene ali padenga panga mpaka lero. Mkulu wanga ananyamuka chaka chimodzi ndi ine koma sanabwerere. Anatchona. Kumene anaikidwa sitikudziwa. Choncho mwanayu atapita, amayi ake ankakhala ndi mantha amodzi okha, oti nayenso adzatchona. Ine mantha amenewo ndinali nawo, koma sindinkawanena.

Kumeneko anayamba ndi kutsuka magalimoto. Kenako anamulemba pa galaja ina yopopera penti. Anaphunziranso ntchito ina imene kuno ku Champiti tinali tisanaimvepo. Pali pepala lina loonekera ngati madzi limene amamata pamwamba pa penti ya magalimoto a anthu olemera, kuti timiyala ta mumsewu tisamaibenthule. Likamatidwa bwino silioneka. Zimenezi ndikuzidziwa tsopano. Nthawi imeneyo anthu akandifunsa ndinkangoti amatsuka magalimoto. Ndinkanena choncho ngakhale foni ili yotsegula, iye akumva.

Ankacheza kwambiri ndi amayi ake ndi mlongo wake, amene amakhala nafe pakhomo pano. Ine tinkangopatsana moni. Ankafunsa za mvula ndi za ng'ombe, ine n'kuyankha, n'kubweza foni.

Chaka china anauza amayi ake kuti akubwera kudzakhala. Anali atagula galimoto yochita ngozi, ya mtundu wothamanga uja, ndipo ankaikonza yekha akaweruka. Zinamutengera zaka. Ku Lilongwe kunali munthu wina wa galaja amene anamulonjeza malo ogwirirapo ntchito yomata pepalayo, koma ankafuna kuona kaye ntchito ya manja ake. Mwanayu sukulu sanapite nayo patali, ngati ine ndemwe. Satifiketi analibe. Umboni wake unali galimoto imeneyo, yopentedwa ndi iye mwini, yomatidwa ndi iye mwini. Amayi ake atamva anazira chipinda chake chakale, anagula mphasa yatsopano, n'kuyamba kusunga nkhuku imene ankati ndi yake.

Chakumapeto kwa chaka anatumiza katundu kudzera mwa anthu onyamula zinthu za a ku Joni, amene timawatcha matransipota. Tinakalandira ku Manjawira. Munali shuga, mafuta ophikira, bulangete la amayi ake, nsapato zanga. Panalinso katoni yaitali, yowonda, yolemera, yofika pachifuwa panga ikaimikidwa. Mwana wanga wamkazi anati achimwene ake anenetsa kuti imeneyo isatsegulidwe, muli filimu. Ndinafunsa ngati mnyamatayo wayamba kuonetsa kanema. Iye anati si filimu imeneyo, ndi ya galimoto, koma kulongosola sanathe. Tinaiimika pakona m'chipinda chosungira chimanga.

Pakhomo panga katundu wochokera kunja amatsegula bambo. Ine ndikatumiza bokosi kuchokera kumgodi ankatsegula ndi bambo anga, ndipo ankagawa mmene aonera. Sankandifunsa. Inenso sindinkayembekeza kufunsidwa. Katoni imeneyo inali chinthu choyamba kulowa m'nyumba mwanga ndi lamulo lake. Sizinandisangalatse, koma ndinaisiya.

Mvula ya chaka chimenecho inali yambiri. Malata anga ndi akale, anachita dzimbiri m'mabowo a misomali. Anayamba kudontha, makamaka pamwamba pa matumba a chimanga. Tinaika mabeseni ndi ndowa, tinasuntha matumba, koma kulikonse kunali dontho lake. Chimanga chinayamba kununkha chuku. Ndinatumiza uthenga ku Manjawira kuti andigulire pepala lofolera, koma linali litatha m'masitolo, chifukwa aliyense linkamudonthera.

Tsiku lina ndikusuntha thumba, katoni ija inagwa. Ndinaidzutsa. Kenako ndinatenga mpeni.

Munali mpukutu wa pepala lonenepa, losalala, lotamuka ngati chubu cha njinga. Ndinayesa kuling'amba ndi manja, linakana. Linali la magawo awiri. Ukasenda gawo lakumbuyo, linalo linkamata. Ndinadula kachidutswa n'kumata pa ndowa yobooka, ndinathiramo madzi, sanatuluke.

M'mawa wina dzuwa litawala ndinaimika makwerero. Mwana wanga wamkazi anawagwira, chifukwa akanapanda kugwira ndikanakwerabe.

“Bambo, tiyimbe kaye foni,” anatero.

Ndinamuuza kuti sindipempha chilolezo kwa mwana wobereka ndekha kuti ndipulumutse chakudya chimene iye yemweyo adzadye akabwera. Ndinapukuta malata ndi sanza, ndinadula zigamba, ndinamata bowo lililonse n'kusisita ndi chala mpaka kugwira. Mvula itabweranso, m'chipindamo simunagwe dontho.

Mpaka pamenepa sindidziimba mlandu waukulu. Chimanga ndi chimanga. Zimene ndinadula zinali zochepa, mpukutuwo unali ukadali wonenepa. Ndikanaubweza m'katoni, mwanayu akanang'ung'udza pang'ono n'kugwira ntchito yake.

Koma anthu anaona. Woyamba anali mkulu wa mphakati wathu, mnzanga wa kale, munthu wa pakamwa. Anadzaima pabwalo n'kuyang'ana padenga, anafunsa kuti zonyezimirazo n'chiyani. Ndinamuonetsa. Anati nayenso lake likudontha pamutu penipeni pa bedi. Ndinamudulira. Anakauza ena. Kunabwera mayi wamasiye wa galasi la windo losweka. Kunabwera wa ndowa, wa beseni, wa ambulera. Wina anakulunga chishalo cha njinga. Wina anamata chikuto cha buku la nyimbo. Ndinkakhala pakhonde, mpukutu pamiyendo, mpeni m'manja, n'kumadula. Aliyense ndinkamuuza kuti watumiza ndi mwana wanga wa ku Joni, kuti za kumeneko n'zolimba, si za m'masitolo mwathumu. Zaka zonsezo ndinali ndisanamutamepo mwanayu pagulu. Ndinayamba kumutama pa khonde limenelo, ndi mpeni m'manja.

Pofika nyengo ya Lenti munatsala chimpopi cha katoni chokha chimene pepalalo linakulungidwapo. Mwana wanga wamkazi analeka kundilankhula za nkhaniyo. Kwa achimwene ake sananene, chifukwa sankafuna kukhala woneneza bambo ake. Amayi ake ankaona ngati ndi pepala wamba. Ine ndinkadziwa kuti si wamba. Chinthu chotamuka chotero sichikhala chawamba. Ndinkangodziuza kuti ku Joni alipo ambiri.

Mwanayu anafika m'nyengo yozizira, chimanga chili m'nkhokwe. Tinayamba kumva kulira kwa galimoto isanaoneke, kulira kwa pansipansi ngati ng'ombe yamphongo ili m'khola. Kenako inatulukira, ikuyenda ngati fulu. Inali yotsika kwambiri moti pa mgula uliwonse ankaipingasa, pena n'kutsika kuchotsa mwala ndi manja. Kutsogolo konse, boneti ndi m'mbali mwa magetsi, kunali komangidwa ndi makatoni ndi tepi yabuluu.

Mudzi wonse unabwera. Mayi wina anasuzumira mkati n'kuona mipando iwiri yokha, anafunsa kuti apongozi azikhala pati. Wina anafunsa kuti imanyamula matumba angati a kachewere. Mkulu wa mphakati uja anati galimoto yafika kale ndi mabandeji, ingopitirira ku chipatala. Mwanayu ankangoseka. Anali atanenepa pang'ono, ndevu zikuyamba imvi imodziimodzi. Amayi ake anamugwira dzanja osalisiya.

Anthu atabalalika mwanayu anandilonjera bwino, atakhala pansi. Kenako anafotokoza za mabandejiwo. Anati penti anapopera posachedwa, atatsala pang'ono kunyamuka, ndipo penti yatsopano imafuna milungu kuti iume mpaka mkati pepala lisanamatidwe. N'chifukwa chake anaimanga makatoni ulendo wonse wodutsa ku Tete. N'chifukwa chakenso mpukutu anautumiza padera, popeza m'galimotomo simukanakwana. Anali ataganiza kale zonse. Adzasesa m'chigafa changa chakale cha fodya, adzawaza madzi pansi kuti fumbi lisauluke, adzatchinga ndi nsalu, n'kumata mofatsa. Akatero apita ku Lilongwe.

Anafunsa mlongo wake kumene kuli katoni ija. Mlongo wakeyo anayang'ana ine. Ine ndinaloza padenga ndi ndodo.

Anatuluka, anaima pabwalo, anayang'ana nthawi yaitali. Anakatenga makwerero n'kukwera. Ndinkamuona akuyendetsa chala m'mphepete mwa chigamba chimodzi, kenako china. Atatsika anasasa m'manja.

“Mwamata bwino, bambo. Simunasiye mpweya mkati.”

Sankandinyoza. Ankanena ngati mmisiri. Kenako anafunsa za lotsala. Ndinati ndinagawira anthu amene anali pa mavuto.

“Lonse?”

“Lonse.”

Anakhala pakhonde, manja ali pa maondo. Amayi ake anamuitana kuti nkhuku yapsa, anapita kukadya, anayamikira. Masiku otsatira ankayenda m'mudzi kulonjera abale, ndipo kulikonse ankakumana ndi pepala lake, pa ndowa, pa windo, pa njinga. Anthu ankamuthokoza. Iye ankayankha kuti palibe kanthu. Pepalalo likamatidwa kamodzi silibwereranso, ndiye panalibe choitanitsa. Lina kuno kunalibe koligula, ndipo zonse zimene anali nazo anali atathira m'galimotoyo ndi paulendo. Mtengo wake sindinafunse. Iye sananene.

Munthu akalakwa n'kusowa chonena, amalankhula kwambiri. Ine amene ndimadziwika ndi mawu ochepa ndinayamba kulalikira. Ndinati galimoto ndi yoyenda pamsewu, ndipo msewu uli ndi miyala. Ndinati njinga yanga ili ndi zipsera thupi lonse koma inalera ana onse a m'nyumba muno. Ndinati penti siyendetsa galimoto, ndipo mwamuna woopa kamwala angoisiya m'sitolo. Ndinati azungu amene amawamatira magalimotowo ali ndi ndalama zosowa pozitaya.

Anandimvetsera mpaka kumaliza. Anati kwa ine zimenezo n'zoona, chifukwa njinga yanga ndi ya ntchito. Koma anthu ogula magalimoto otere amayamba kuyang'ana penti asanamve injini, ndipo kamwala kamodzi pa boneti kamawadwalitsa. Anati si galimoto iliyonse yofunika pepala. Ya matola silifuna. Koma yotsika chonchi, mphuno ili pafupi ndi nthaka, imalandira mwala uliwonse umene tayala la mnzake latola. Kenako anandiitanira pafupi. Anamatula kona imodzi ya tepi n'kukweza katoni.

Inali yobiriwira modera, ngati tsamba la mango lokhwima. Koma mtundu si umene unandigwira. Pentiyo inkaoneka yakuya, ngati ungapisemo dzanja. Ndinaona nkhope yanga, makwinya onse, chipewa, ndi mtengo wa kumbuyo kwanga. Anati anapopera kangapo, ndipo pakati pa kupopera kulikonse ankapala ndi manja, ndi sandipepa wonyowa, mpaka zala kutuluka magazi. Ndinagwirapo ntchito ndi manja moyo wanga wonse. Ndimaidziwa ntchito yabwino ndikaiona.

“Yawala,” ndinatero. Sindinawonjezere.

Anabwezeretsa katoni n'kusisita tepi. Anati zinthu sizinatheretu. Apita ku Lilongwe ili yomanga chomwecho, pa tala pokhapokha, akamasulira pakhomo pa galaja. Munthu uja akaona pentiyo mwina amukhulupirira, n'kumuthandiza kuitanitsa mpukutu wina. Amayi ake atamva zimenezo mtima wawo unakhala pansi.

Koma Lamulungu la mlungu umenewo kunali Misa ku Nzama yodalitsa maukwati akale. Ine ndinabadwira mbali imeneyo, ndipo ukwati wathu tinamangira kumeneko. Kuyambira pa Pasaka ndinali nditauza aliyense kuti ndikafika pa galimoto ya mwana wanga. Abale anga a kumeneko ankadikira. Anzanga amene ndinatsika nawo mumgodi, ochepa amene atsala, ankadikira.

Mwanayu anati msewu wa kumeneko ukachoka pa tala ndi wa miyala, ndipo ino ndi nyengo ya malole a kachewere. Amayi ake anati tiisiye, tikwere matola ndi anzathu a mphakati. Ndinavomera. Ndinavomeradi, Loweruka masana.

Lamulungu m'mawa anthu anasonkhana pabwalo panga kudikira matola. Ndinatuluka nditavala jekete ndi nsapato zatsopano zija. Mkulu wa mphakati anandiyang'ana, anayang'ana galimoto ili pansi pa mtengo.

“Akulu, mwasintha maganizo? Kapena wodwalayu sanatulutsidwe m'chipatala?”

Anthu anaseka. Si nthabwala yoopsa. Munthu ameneyu takhala tikunyogodolana kuyambira tili abusa a ng'ombe. Tsiku lina ndikanamuyankha za mano ake n'kukwera matola. Tsiku limenelo ndinaitana mwana wanga n'kumuuza kuti atulutse galimoto.

Sanatsutse. Anangoti tiyenda pang'onopang'ono. Atalowa kuti alize injini ndinamuuza kuti achotse makatoniwo.

“Bambo, tepiyi ndilibe ina.”

“Sindingafike pakhomo la tchalitchi pa galimoto yomanga mabandeji.”

Anayang'ana amayi ake. Iwo anayandikira, analankhula motsitsa kuti anthu asamve.

“Abambo, mwanayu wavutika nayo. Isiyeni ili choncho.”

Ndinafunsa mokweza kuti pakhomo pano bambo ndi ndani. Mwana wanga ndi munthu wamkulu, wa imvi m'ndevu. Akanatha kukana. Koma anthu anali pomwepo, ndipo tinamulera kuti bambo sayankhidwa pagulu. Ndinamulera choncho ndi ine. Anagwada kutsogolo kwa galimoto n'kuyamba kumatula tepi, pang'onopang'ono, akuikulunga m'dzanja ngati mpira. Makatoni anawaunjika pansi pa mtengo. Dzuwa litagunda boneti, amayi ena anaomba m'manja. Mkulu wa mphakati anavula chipewa n'kuti wagonja.

Mipando inali iwiri. Ndinakhala ine. Amayi ake anakwera matola kumbuyo, pa benchi, ndi nsalu kumutu.

Sindinama, pa tala ndinasangalala. Mpando wake uli ngati wakhala pansi penipeni, maondo m'mwamba, msewu ukuthamanga pafupi ndi chigongono. Ogulitsa tomato ankaimirira. Apanjinga ankacheuka mpaka kufuna kugwa. Ndinatsitsa galasi kuti andione. Mwanayu ankayendetsa ndi manja awiri, maso pamsewu.

Titapatuka pa tala anachepetsa liwiro mpaka munthu wapansi akanatipitirira. Ankazemba mwala uliwonse. Kumbuyo kunabwera lole yopanda katundu, yopita kukatenga kachewere kumapiri. Inaliza hutala. Anapatukira m'mbali, inadutsa, ndipo timiyala tinagwa pa boneti ngati matalala. Anaima. Anati tidikire fumbi lithe, loleyo ipite kutali.

Tinadikira pang'ono. Kenako ndinamva ngati belu la ku mishoni. Mwina linali belu, mwina ayi. Ndinamuuza kuti tichedwa, sindingalowe ansembe atayamba. Anati loleyo ikuyenda pang'onopang'ono pa chitunda, tikanyamuka tsopano tiipeza. Ndinati ndiye uipitirire, si paja galimoto yako ndi yothamanga.

Tinaipeza pa chitunda. Msewu unali wopapatiza, panalibe popitirira. Tinayenda kumbuyo kwake mtunda wautali, matayala ake akumwaza miyala. Uliwonse ukagunda, mwanayu ankaphethira ngati wamugunda pamphumi. Pena pake pansi pa galimoto panakhula mwala, phokoso lake linalowa m'mano. Ndinakweza galasi. Sindinamuuze kuti aime.

Ku Nzama ndinapeza zimene ndinkafuna. Anthu anasiya kulowa m'tchalitchi n'kuizungulira. Abale anga anandithandiza kutuluka, chifukwa mpandowo ndi wosavuta kukhala koma wovuta kudzuka. Anzanga a kumgodi anandigwira chanza n'kunena kuti ndinabereka. Fumbi linali litakuta zonse, palibe anaona kanthu. Mwanayu sanalowe Misa. Anatsala panja, atatsamira mtengo.

Amayi ake anafika mochedwerapo, nsidze zili mbuu ndi fumbi. Tinaima kutsogolo pamodzi ndi okalamba anzathu. Ansembe atati tigwirane manja, anandipatsa nsonga za zala zokha.

Titabwerera kunyumba mwanayu anatunga madzi pa mjigo yekha. Sanapukute ndi nsalu. Ankangothira madzi ndi kapu, mofatsa, fumbi likutsetsereka. Pamenepo zinayamba kuoneka. Timadontho toyera, ena ngati njere ya mapira, ena ngati nyemba, pa boneti ponse, pa mphuno, m'mbali mwa magetsi. Nkhope ya munthu amene anadwala nthomba. Pansi pa mphuno panali mzere wautali wokhulika mpaka pa chitsulo. Ankakhudza kalikonse ndi chikhadabo.

Ndinaima kumbuyo kwake. Ndinkafuna kunena chinthu china, koma chimene chinatuluka n'chakuti ukaima patali sizikuoneka.

“Amene ndikukamuonetsayo sayang'ana ali patali, bambo.”

Anapitabe ku Lilongwe. Sanachedweko. Zimene zinachitika anauza mlongo wake, ine ndinamva kwa iyeyo. Munthu wa galaja uja anaizungulira, anagwira zitseko, anati dzanja la penti ndi labwino, sanalionepo lotero kuno. Kenako ananyonyomala kutsogolo. Anati iye akawauza chiyani makasitomala ake, kuti uyu ndi woteteza penti, pamene galimoto yake yomwe ili chonchi, ndipo pepala lomwe akunenalo palibe ngakhale kachidutswa koonetsa. Anati akakonze abwerenso. Mwanayu sanatchule za ine. Anangoti msewu unali woipa.

Kukonza kunatanthauza kupala boneti yonse ndi kupoperanso m'chipinda chotseka, chopanda fumbi. Chipinda chotero ankachidziwa chimodzi, ku Joni, kwa bwana wake wakale. Anaimba foni, bwanayo anati malo ake alipo.

Masiku ano anyamata obwera ku Joni amadzandifunsa, ena mwachipongwe, ngati pepala lija lili ndi phindu. Ndimawayankha zimene ndinaona. Galimoto yotero siyenera kubwera m'misewu yathuyi. Ikabwera, ibwere yomatidwa. Pepalalo ndi lolimba, ndinaliyesa ndi manja anga, mwala wa tayala sungalibooke. Akafunsa zambiri ndimawauza kuti ndili ndi ntchito.

Tsiku lonyamuka amayi ake anamukonzera nyemba, mtedza ndi ufa. M'galimotomo munalibe malo. Anatenga kathumba kamodzi ka mtedza n'kuika pa mpando. Anatsanzika aliyense. Kwa ine anabwera pomaliza, anagwira dzanja langa ndi manja awiri monga mwa ulemu. Ndinali nditakonza mawu. Ndinawakonza ndili kudimba, ndinawabwereza ndili m'njira. Atandigwira dzanja ndinangoti akayende bwino, abwere msanga.

“Ndikayesetsa, bambo.”

Nyengo za mvula zadutsa zingapo chichokereni. Galimoto anaikonza, anaimata pepala, ndipo mzungu wina ataiona anaigula. Za Lilongwe analeka kuzitchula. Anapeza mkazi wa konko, anabereka mwana wamwamuna. Amatumizabe shuga ndi mafuta. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo akaimba foni amafunsabe za mvula ndi za ng'ombe. Akanandikalipira mwina ndikanapeza poyambira. M'chipinda chake tsopano timasungamo makasu ndi feteleza. Anasamutsiramo ndi amayi ake, ine sindinawauze.

Mwezi wathawu anaimba foni yoonetsa nkhope. Mlongo wake anaigwira, ife awiri tinakhala pa benchi moyandikana kuti tikwanemo. Ananyamula mwana uja, amene wayamba kulankhula, n'kumuuza kuti apereke moni kwa agogo. Mwanayo anatiyang'anitsitsa, chala chili m'kamwa. Kenako anacheukira bambo ake n'kulankhula m'Chizulu. Bambo akewo anaseka pang'ono, sanamasulire.

Foni itaduka amayi ake anandifunsa, popeza ine ndinakhalako kumeneko, kuti mwanayo amati chiyani. Ndinaganiza zowauza kuti amapereka moni. Koma anali akundiyang'ana m'maso.

Ndinawauza kuti amafunsa kuti anthu amenewa ndi ndani.